Mfuti za liva: zimene ndaona pozifananiza, podzitetezera ndi pophunzirira

Mfuti ya liva ndi ija ili ndi chigwiriro chonga mphete kunsi kwake, chimene umakankhira kutsogolo n'kubwezanso kuti chigoba cha chipolopolo chimene wawomba chitayike, china chatsopano chilowe. Kwawo ndi ku America. Inayamba kudziwika ndi ya Henry ya mu 1860, imene inkanyamula zipolopolo 15 m'chubu cha kunsi kwa mpope, kenaka Winchester ya mu 1866 inabwera ndi kachitseko ka m'mbali kolowetsera zipolopolo. Ambiri amaiona ngati ya m'mafilimu a makaubowi basi. Koma zaka zapitazi yabwereranso m'masitolo mwamphamvu, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi malamulo: m'madera ngati California, New York ndi Illinois mfuti zambiri zodzilowetsera zokha zipolopolo n'zoletsedwa kapena zimavuta kugula, pamene ya liva malamulo amenewo sayikhudza kwenikweni.

Amene ali ku Britain adziwe kuti mfuti zimenezi za zipolopolo za .357 zimapezeka kwambiri m'makalabu owombera chandamale chiletsereni mfuti zam'manja mu 1997, koma kunena kuti ukufuna kudzitetezera si chifukwa chimene apolisi a ku England, Scotland kapena Wales angakupatsire chilolezo. Ku South Africa nako, chilolezo wamba chodzitetezera cha m'gawo 13 la lamulo la mfuti la mu 2000 ndi cha mfuti yam'manja kapena shotgun. Ya liva imalowa ku zilolezo za ulenje ndi masewera. Choncho zambiri za kudzitetezera zimene ndikambe pano zikukhudza amene ali ku America. Za kaphunziridwe ndi kasamalidwe n'zothandiza aliyense amene ali nayo mwalamulo.

Anthu amayamba ndi kufunsa dzina la kampani. Ine ndimati tiyambe ndi chipolopolo, chifukwa ndicho chimalamula kulemera kwa mfuti, kuchuluka kwa zolowa m'chubu, ndi ndalama zimene muziwononga pophunzira.

Cha .357 Magnum chinapangidwira volovolo, koma chikadutsa mumpope wautali chimasanduka china. Cha magreni 158 (greni ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo) chimatuluka m'volovolo ya mainchesi 4 pa liwiro la mafiti pafupifupi 1,200 pa sekondi. Mumpope wa mainchesi 16 mpaka 18 chimafika cha m'ma 1,700. Wonga wake ndi woyaka pang'onopang'ono, ndiye mumpope wautali umapeza nthawi yokankha mokwanira m'malo mophulikira kunja. Kumenya kwake paphewa n'kochepa moti munthu wamng'ono thupi amatha kuwomba 100 tsiku limodzi osadandaula. Ndipo mfuti yomweyo imalandiranso .38 Special, chotchipa komanso chofatsa. Cha .44 Magnum, magreni 240, chimathamanga pafupifupi chimodzimodzi koma n'cholemera, chimamenya phewa kwambiri, mtengo wakenso ndi wokwera. Cha .30-30, chimene chinabwera mu 1895 pa Winchester 1894, ndi cha mfuti yaitali yeniyeni: magreni 150 pa mafiti opitirira 2,200 pa sekondi. Mukachilinganiza pa mayadi 100, pa mayadi 200 chimatsika mainchesi 7 kapena 8. Kwa munthu wa pafamu amene amalimbana ndi zilombo patali, ichi n'chabwino. M'nyumba ayi. Phokoso lake m'chipinda chotseka likhoza kuwononga makutu kosabwerera, ndipo makoma a nyumba zambiri za ku America ndi matabwa ndi mabodi opyapyala, osati njerwa zowotcha. Chipolopolo chotere chimaboola makoma angapo n'kukafika kwa oyandikana nawo. Za .45-70 sindichedwapo: ndi cha zimbalangondo za ku Alaska, ndipo amene amachigulira kuteteza nyumba m'tauni amangofuna kukhala nacho, chimene si cholakwa, koma tisanamizane.

Ngakhale cha .357 chimaboola makoma amenewa. Palibe chipolopolo chotha kuimitsa munthu chimene bodi la khoma lingachiimitse. Ichi n'chifukwa chake lamulo lodziwa chimene chili kuseri kwa chandamale silisintha ndi mtundu wa mfuti.

Pali chinthu china chimene ogula ambiri sachiganizira. Zipolopolo zopepuka zobooka kumutu, za magreni 110 kapena 125, zinapangidwa kuti zitambasuke pa liwiro la volovolo. Pa liwiro la mfuti yaitali zina zimaphwanyika msanga osalowa mkati mokwanira. Za magreni 158 zamutu wofewa, kapena zobooka zolimba, ndizo zimachita bwino m'mpope wautali.

Tsopano mfuti zake. Marlin ndiyo ndimaiika patsogolo, ndipo chifukwa chake ndi kapangidwe. Denga la thupi lake ndi lotseka, zigoba zimatulukira m'mbali, ndiye galasi loyang'anira kapena ka kadontho kofiira kamakhala pamwamba popanda vuto. Kuiphwasula kuti uitsuke n'kosavuta: tsegulani liva mpaka theka, masulani sikuluwu imodzi imene livayo imazungulirapo, solani liva pansi, kokani bolt (chitsulo chimene chimatsekera chipolopolo kumbuyo kwa mpope) kumbuyo. Kachitsulo kotayira zigoba kamangokhala m'kamphako ka kumanzere, ndipo kamagwa kokha. Yalani nsalu pansi, apo ayi mukafunafuna ndi tochi. Mukatero mumatsuka mpope kuchokera kumbuyo, osakanda kukamwa kwake. Marlin 336 ya .30-30, imene inayamba mu 1948, imatenga 6 m'chubu ndipo imalemera makilogalamu opitirira pang'ono 3. Marlin 1894 ya .357 ya mpope wa mainchesi 18 ndi theka imatenga 9.

Koma Marlin ndi zitatu, kutengera amene anaipanga. Zakale zopangidwa ku Connecticut zili ndi chidindo cha JM pampope ndipo anthu amazilimbirana. Remington itagula kampaniyi kumapeto kwa 2007 n'kusamutsa ntchito, zambiri za zaka zoyambirira za m'ma 2010 zinkatuluka zosalongosoka: zoyang'anira zopendekeka, mitengo yogwirira yosakhala bwino, m'kati mokhakhala. Ruger inagula dzinali mu 2020 ndipo imazipangira ku Mayodan, North Carolina. Zimenezi n'zabwino, kungoti mtengo wakwera. Mukamagula yakale, iyang'aneni kuchokera kumbuyo muone ngati choyang'anira cha kutsogolo chaima chilili, ndipo muyendetsemo zipolopolo zabodza chubu chonse musanapereke ndalama.

Marlin ili ndi matenda ake odziwika, moti mpaka anapatsidwa dzina loti Marlin jam. M'kati muli kachitsulo konga supuni kamene kamalandira chipolopolo kuchokera m'chubu n'kuchikweza. Kamakwezedwa ndi nsonga ya liva. Pa mfuti zina nsonga imeneyo ndi yakuthwa, ndipo m'kupita kwa nthawi imakumba kamzere kunsi kwa kasupuniko. Kamzere kakazama, kasupuni kamachedwa kukwera, chipolopolo chachiwiri chimasuzumira kuchoka m'chubu choyamba chisanachoke, ndipo zonse zimamangana, liva ili chitsegukire. Apa mphamvu sizithandiza. Muyenera kukankhira chachiwiricho m'chubu ndi kachitsulo kopyapyala kapena kumasula liva. Mankhwala ake ndi kuisalaza nsonga ija pang'ono mfuti ikadali yatsopano, ndipo kasupuni kakakumbika kale n'kofunika kusintha. Ndi ntchito ya mmisiri wa mfuti ngati simunazolowere tupa.

Henry ya masiku ano ndi kampani imene inayamba mu 1996. Dzina lokha ndilo likuchokera ku ya mu 1860. Mfuti zake zimayenda mosalala zikangotuluka m'bokosi. Kwa zaka zambiri vuto lake linali lakuti zinalibe kachitseko ka m'mbali: umayenera kupotokola ndi kusolola kandodo ka m'chubu, n'kuponyamo zipolopolo cha kutsogolo. Pa ulenje palibe kanthu. Podzitetezera n'zosayenera, chifukwa sungawonjezere chipolopolo mfuti ili paphewa, ndipo dzanja limayandikira kukamwa kwa mpope. Kuyambira mu 2019 anayamba kuika kachitseko osachotsa kandodo kaja, ndipo apa anachita mwanzeru: umalowetsa m'mbali, koma pochotsa umangosolola kandodo n'kukhuthula, osayendetsa chipolopolo chilichonse m'chipinda chowombera, mmene chimakhala kumbuyo kwa mpope powombedwa. Kumbukirani kuti chimodzi chikhoza kutsalira pa kasupuni kapena m'chipindamo, ndiye yendetsani liva ndi kuyang'ana ndi maso. Big Boy X ili ndi mpope wa mainchesi 17.4 ndipo imatenga 7. Ija ya thupi lamkuwa ndi yokongola pakhoma, koma imalemera pafupifupi makilogalamu 4, ndipo mukaigwira paphewa mphindi zingapo mudzamva.

Rossi R92 ya ku Brazil ndi kope la Winchester 1892, imene anakonza John Browning. Ndiyo yopepuka ndi yotchipa mwa zonse. Ya mainchesi 16 imatenga 8, ya mainchesi 20 imatenga 10. Kapangidwe kake n'kolimba, ndi zitsulo ziwiri zimene zimakwera kudzatseka bolt kumbuyo. Imabwera yolimba manja: masipuling'i ake ndi amphamvu kuposa mmene afunikira, kachitseko n'kakuthwa moti kamatema chala chachikulu, ndipo zigoba zimaulukira m'mwamba kutali. Ikayendetsedwa maulendo mazana angapo imafewa, ndipo ambiri amasintha masipuling'i ndi kachiphika ka pulasitiki ka m'chubu n'kuika kachitsulo. Popeza imatayira m'mwamba, galasi silingakhale pamwamba pa thupi lake, limayenera kupita kutsogolo pampope. Kuiphwasula n'kovuta kuposa Marlin. Komanso mtundu wa 1892 umasankha zakudya: zipolopolo zokhala ndi phewa lakuthwa pamutu zimakodwa pakhomo la chipinda, ndipo .38 Special zazifupi zina zimadumpha n'kutayidwa zosawombedwa.

Winchester 1873, kaya ya Uberti ya ku Italy kapena yopangidwa ndi Miroku ku Japan, ndiyo yachangu ndi yosalala kuposa zonse, n'chifukwa chake imalamulira m'mipikisano ya makaubowi. Imakweza chipolopolo chili chigonere, molunjika. Koma ndi yodula, yolemera, chotsekera chake n'chofooka poyerekeza ndi cha 1892, ndipo chipolopolo chikafupika kwambiri chachiwiri chimalowa nawo m'chokwezera n'kutseka zonse. Winchester 1894 ya .30-30 ndi yopyapyala, yokoma kunyamula m'dzanja. Zopangidwa zaka za m'ma 1980 zisanafike zimatayira m'mwamba.

Pa zonsezi lamulo limodzi la chubu silisintha. Zipolopolo zimagona motsogozana, mutu wa china utatsamira pa kadiso koyatsira wonga ka chimene chili patsogolo pake. Mutu ukakhala wosongoka ndi wolimba, kugwedezeka kwa kuwomba kukhoza kuphulitsa za m'chubu, pomwe pali dzanja lanu lamanzere. Gwiritsani zamutu wophwatalala kapena wobulungira wofewa. Hornady imapanga zosongoka zokhala ndi nsonga yofewa ngati labala zimene zinapangidwira chubu. Mfuti ngati Browning BLR ndi Henry Long Ranger zili ndi magazini, kabokosi kosungira zipolopolo m'malo mwa chubu, ndiye vutoli zilibe.

Ndikadakhala wosankha imodzi yoteteza nyumba, ndikanatenga ya .357 ya mpope wa mainchesi 16 mpaka 18, yokhala ndi kachitseko ka m'mbali, Marlin kapena Henry. Rossi ndi ya munthu amene ndalama zachepa koma ali ndi mtima woikonza ndi kuiyesa. Ndipo pambali pake ndikanagula ya .22, monga Henry H001 imene imatenga 15. Ndi imeneyi mumaphunzira kaimidwe, kayang'anidwe ndi kayendetsedwe ka liva pa mtengo wochepa kwambiri. Chimene singakuphunzitseni ndi kulowetsa zipolopolo, popeza ilibe kachitseko.

Kulakwitsa kumene ndimakuona kawirikawiri pabwalo lowombera ndi kusafikitsa liva kumapeto. Munthu ali ndi changu, wakankha liva mpaka pafupi ndi mapeto, wabweza. Chigoba chatayika bwinobwino, koma kasupuni kamakwera pokhapokha liva itafika kumapeto kwenikweni kwa ulendo wake, ndiye chatsopano sichinakwere. Bolt yatseka pa chipinda chopanda kanthu, hamala (kanyundo ka kumbuyo kamene kamamenya kuti mfuti ilire) ili chikokere, zonse zikuoneka zili m'malo. Wakhethemula, yangoti khethe. Amene amainyengerera mfutiyi ndi amene imawavuta. Liva iyenera kukankhidwa mpaka igunde, ibwezedwe mpaka itseke, mwamphamvu ndi mofanana nthawi zonse. Musaope kuti ithyoka.

Kulakwitsa kwachiwiri ndi kutsitsa mfuti paphewa nthawi iliyonse yoyendetsa liva. Mtengo wa kumbuyo kwa mfuti ukhale paphewa, tsaya likhale pamtengo, maso pa chandamale, dzanja lamanzere likokere mfuti kuphewa pamene lamanja likugwira ntchito. Ngati bolt ikukuopsani kuti ikugundani kumaso, mutu mwausendeza kutsogolo kwambiri. Ngati dzanja silikufika kumapeto a liva osatsitsa mfuti, mtengo wakutalikirani. Kuudula ndi inchi imodzi kumasintha zinthu kwambiri kwa anthu aafupi. Yendetsani liva mukangowomba, osati mutayamba mwaona kumene chagunda. Chala chowombera chizituluka pamodzi ndi dzanja ndipo chibwerere liva itatseka. Chikatsalira m'kati chimapanidwa, kapena mfuti imalira liva ikamatseka. Ndipo dziwani kuti pa Marlin ndi pa Winchester 1894 muli kachitsulo kamene kamaletsa kuwomba mpaka liva itafinyidwa ku mtengo. Wogwira molobodoka amadabwa mfuti itakana.

Mphete zikuluzikulu zija zimaoneka bwino, ndipo zimathandiza wovala magolovesi okhuthala m'chisanu. Dzanja lopanda kanthu limangoyendayenda m'menemo, nthawi n'kumatayika.

Kulowetsa zipolopolo ndiko kufooka kwenikweni kwa mfuti ya liva. Ya magazini imadzazidwa m'masekondi awiri kapena atatu. Iyi imalowa chimodzichimodzi. Njira yosapweteka chala ndi iyi: kankhani choyamba pa kachitseko mpaka kutsale kachidutswa ka kumbuyo kali kunja, chisiyeni chigwire kachitseko chotsegula, ndipo muchikankhe ndi mutu wa chachiwiri. Chomaliza chokha ndicho mumachilowetsa chonse ndi chala mpaka kachitseko katseke. Chikapanda kulowa chonse, liva imakana kutseguka. Chizolowezi chofunika ndi kubwezera zimene mwawomba mpata ukangopezeka: mwawomba ziwiri, lowetsani ziwiri. Ikatheratu, tsegulani liva, ponyani chimodzi pa khomo lotayira zigoba, tsekani, kenaka dzazani chubu. Kathumba kachikopa ka pamtengo kokhala ndi 5 kapena 6 ndi kofunika kuposa zokongoletsa zonse zimene amagulitsa.

Zonsezi zimaphunziridwa kunyumba ndi zipolopolo zabodza, mphindi 10 patsiku, zenizeni zitatsekeredwa m'chipinda china, mfuti italoza kumene ngakhale italira sipangakhale wovulala. Ya .22 musaikhethemule yopanda kanthu kawirikawiri, chifukwa msomali wake womenya chipolopolo umamenya m'mphepete mwa chipinda.

Pabwalo, zipolopolo 50 zimakwana tsiku limodzi mukazigawa bwino. Zoyamba 10 muwombe mosafulumira pa mayadi 50 kutsimikiza kuti zoyang'anira zili m'malo. Ya .357 yolinganizidwa pamenepa imatsika mainchesi atatu kapena anayi okha pa mayadi 100. Zina 20 muwombe ziwiriziwiri pa mayadi 15 kapena 25, kuyambira mfuti italoza pansi, pa pepala lalikulu ngati mbale ya nsima. Zina 10 zikhale za kuwomba ziwiri n'kulowetsa ziwiri. Zomaliza 10 mnzanu akulowetsereni atasakaniza ndi chabodza chimodzi kapena ziwiri. Ikati khethe, mudzaona nokha ngati mpope umagwa pansi chifukwa choopa kulira, ndipo mudzazolowera kuti yankho lake ndi kuyendetsa liva, osati kuiyang'ana mfuti modabwa.

Zoyang'anira zimene zambiri zimabwera nazo, zija zonga nyanga, zimabisa theka la chandamale. Kamphete ka kumbuyo kokhala ndi bowo lalikulu, kapena ka kadontho kofiira, n'kabwino kwambiri makamaka kwa maso okalamba. Ndipo mfuti yoteteza nyumba iyenera kukhala ndi tochi. Ngozi zambiri zomvetsa chisoni zimachitika pamene munthu wawomba chithunzithunzi mumdima, kenaka n'kupeza kuti ndi wa m'nyumba momwemo.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi mfuti imeneyi si yowomba, ndi yotsitsa hamala ndi yochotsa zipolopolo. Liva ikayendetsedwa, hamala imakhala yokokedwa pa chipolopolo chamoyo. Kuti muitsitse mumaigwira ndi chala chachikulu, kukhethemula, kuilola iyambe kutsika, kuchotsa chala chowombera, n'kuifikitsa pa malo ake opumira. Chala chikaterereka ndi thukuta kapena mafuta, yalira. Marlin za kuyambira m'ma 1980 zili ndi kabatani kopingasa kamene kamatchinga hamala. Kaikeni musanachite zimenezi, komanso pochotsa zipolopolo poyendetsa liva. Koma kabataniko kali ndi msampha wake: sikaletsa kukhethemula, kamangotchinga hamala isafike. Mukakaiwala, mumamva khethe n'kuganiza kuti chipolopolo n'chakufa, n'kuchitaya chili chabwino. Henry zazikulu zilibe kabatani kapena malo apakati oimitsira hamala. Zili ndi kachitsulo ka m'kati kamene kamalola hamala kufika pokhapokha chala chili chikokere. Mfuti iliyonse muidziwe payokha, musatengere chizolowezi cha ina.

Posunga, chipinda chowombera chikhale chopanda kanthu, hamala pansi, mfuti m'sefa yokhoma. Madera ena amafuna kuti zipolopolo zisungidwe padera, ndipo pamene pali ana palibe zokambirana.

Mukawomba .38 Special zambiri m'ya .357, zimasiya mkombero wa mwaye m'chipinda chifukwa chigoba chake n'chachifupi ndi mamilimita opitirira pang'ono 3. Mukabwerera ku .357, chigoba chachitali chimakwera pa mkomberowo n'kukakamira. Tsukani ndi burashi yamkuwa musanasinthe. Chubu nacho chimasunga dzimbiri anthu osadziwa. Chitseguleni kamodzi pachaka, koma gwirani chitsekerero chake bwino chifukwa sipuling'i imauluka. Mafuta akhale ochepa, pa bolt ndi pozungulira liva, osati m'chubu kumene angafike pa zipolopolo.

Masikuluwu amamasuka okha ndi kugwedezeka. Ya kachitseko pa Marlin ikamasuka, kachitseko kamalowa m'kati n'kutchinga kasupuni, mfuti yonse n'kuuma ngati yawonongeka kwambiri, chikhalirecho ndi sikuluwu imodzi. Musanapite kubwalo ndi mukabwerako, ipitireni iliyonse ndi sikuludiraiva yokwana bwino mumpata wake, chifukwa yapanyumba yosongoka imanyema mitu yake. Imene imakonda kumasuka idonthezereni guluu wa masikuluwu wabuluu, osati wofiira, amene amafuna moto kuti amasuke. Ndipo mtundu wa zipolopolo umene mwasankha kusungira nyumba uyambe wadutsa m'mfuti yanuyo, osachepera 100 popanda kukodwa ngakhale kamodzi, ena mwa iwo chubu chili chodzaza mpaka kukamwa, chifukwa zovuta zambiri za kakwezedwe zimaonekera pa chipolopolo choyamba ndi chomaliza.